Musanakangane za bilu ya madzi, mverani kugunda kwa mita

Pa ploti pamene ndinkachita lendi zaka zingapo zapitazo, kumtunda kwa Zingwangwa, tinali mabanja asanu koma mita ya madzi inali imodzi. Amene mumakhala m'nyumba za lendi mukudziwa kale mmene zimakhalira. Bilu ikabwera, eni ploti amaitana aliyense, amagawa ndalamazo potengera kuchuluka kwa anthu m'nyumba iliyonse, ndiye aliyense amapereka uku akung'ung'udza. Mwezi wina kunabwera bilu yoti tonse tinagwira pakamwa. Inaposa kawiri ya masiku onse. Msonkhano usanayambe n'komwe, mlandu unali utagamulidwa kale m'mitima ya anthu: wolakwa ndi mayi a kunyumba yakumapeto, amene anali ndi khanda ndipo ankachapa matewera m'mawa uliwonse. Aliyense ankawaona akuchapa. Eni ploti anati mayiwo apereke gawo la mabanja awiri, apo ayi aone kolowera.

Ine ndinapempha usiku umodzi wokha. Ndinati tonse titungiretu madzi, ndipo ikakwana 10 koloko usiku pasapezeke wotsegula mpope kapena kugejemula chimbudzi mpaka 5 koloko m'mawa. Ndinapita pa mita ndi tochi ya pafoni, ndinapukuta galasi lake ndi chala, n'kulemba manambala onse kuseri kwa buku langa lokonzera maphunziro. M'bandakucha ndinakawerenganso. Ploti yonse inali mtulo, mipope yonse yotseka, koma mita inali itawonjezera malita 210.

Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Malita 210 pa maola 7 ndi malita 30 pa ola, kapena kuti theka la lita pa mphindi iliyonse. Theka la lita likumveka ngati zocheza, eti? Koma tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndiye kuti malita 720 ankapita tsiku ndi tsiku. Zimenezo ndi zigubu 36 za malita 20. Pamwezi ndi malita 21,600. Ndiuzeni, ndi khanda liti lingadetse matewera ofuna zigubu 36 patsiku?

Wakubayo tinam'peza tsiku lomwelo, m'chimbudzi cha m'nyumba yaikulu. Kalabala kamene kamatseka madzi pansi pa thanki ya chimbudzi kanali katatha, ndipo madzi ankangotsetsereka mwakachetechete usana ndi usiku. Tinathira buluu wochapira pang'ono m'thankimo, osagejemula, ndipo pasanapite nthawi madzi a m'munsi anasintha mtundu. Mtengo wa kalabalako sukwana ngakhale wa nkhuku imodzi. Mayi aja sanasamuke. Sindinamve wina akuwapepesa, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa sabata yatha, titamaliza mutu wa maginito, mnyamata wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndinaona pa YouTube munthu akulumikiza mita ya madzi ku kachipangizo kotumiza manambala pafoni. Zimenezi n'zotheka kuno, kapena ndi za kumaiko kumene madzi sasiya?" Ndinamuyankha kuti n'zotheka, ndipo kuno ndi kumene zikufunika kuposa kumeneko. Belu linalira ndisanamalize, ndiye ndimalizira pano.

Maganizo anga ndi awa. Manambala a pa mita amakuuzani kuti madzi apita angati. Sakuuzani kuti apita nthawi yanji. Ndipo mikangano yathu yambiri ya madzi, ya pa ploti, ya ndi makolo, ngakhale ya ku ofesi yolipirira bilu, imayamba chifukwa palibe akudziwa nthawiyo. Ine usiku uja ndinangochita mwayi. Madzi sanasiye usiku wonse ndipo anthu onse anamvera. Koma ku Bangwe, ku Ndirande, ku Machinjiri kapena ku Chilomoni kuli madera amene madzi amabwera pakati pa usiku, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu amadzuka kukadzaza ndowa. Kumeneko simungauze munthu kuti asatsegule mpope usiku. Akhoza kukusekani. Mukufunika mlonda amene sagona, wolemba lita iliyonse pamodzi ndi nthawi imene yadutsa. Mlonda ameneyo mukhoza kum'panga nokha ndi fizikisi imene ili kale m'makope anu.

Zimene zili m'kati mwa mita

Mita zambiri za m'nyumba zili ndi kagudumu ka mapiko kamene madzi amakazunguliza akamadutsa. M'mita zambiri za masiku ano kagudumuko sikakhudzana ndi manambala. Kali m'chipinda cha madzi, manambala ali m'chipinda chouma pamwamba, ndipo pakati pali khoma. Nanga kuzungulirako kumadutsa bwanji khoma? Maginito. Kagudumu kali ndi maginito ake, mbali youma kuli anzake, ndiye apansi akamazungulira, apamwamba amawatsata ngati mwana wotsatira mayi ake pamsika. Kuchokera pamenepo timagiya timachepetsa liwiro mpaka manambala asunthe moyenera.

Yang'anani nkhope ya mita yanu. Manambala akuda akuwerenga makiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Manambala ofiira, kapena timivi tofiira tozungulira, tikuwerenga tizigawo. Kamuvi kolembedwa x0.0001 kakazungulira kamodzi kathunthu, yadutsa lita imodzi. Kolembedwa x0.001 kakazungulira kamodzi, adutsa malita 10. Pamita zambiri palinso kanyenyezi kapena kagudumu kakang'ono pakati kamene kamasuntha ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri. Mukatseka mipope yonse koma kanyenyeziko n'kumayendabe, dziwani kuti pena pake pakudontha.

Tsopano opanga mita ena amamata kamaginito kakang'ono pa kamuvi kamodzi mwa timeneti, ndipo pagalasi amasiya malo oti pakhale swichi yomva maginito. Kamuvi kakazungulira kamodzi, kamaginito kamadutsa pafupi ndi swichi, swichi imatseka kenako n'kutsegukanso. Kutseka ndi kutseguka kumodzi kumeneko ndiye pulse. Ganizirani kugunda kwa mtima kumene adokotala amamva akagwira pamkono panu. Kugunda kulikonse ndi muyeso umodzi wa magazi. Pamita, pulse iliyonse ndi lita imodzi, kapena malita 10, kapena 100, malinga ndi kamuvi kamene anamatapo maginito. Zimalembedwa pamita pomwepo kapena papepala lake.

Swichiyo dzina lake ndi reed switch, ndipo ine ndimaikonda chifukwa ndi mutu wonse wa maginito wotsekeredwa m'kagalasi kofanana ndi kanjere ka mpunga wautali. M'kati muli timizere tiwiri ta chitsulo chosakaniza ndi nickel, nsonga zake zitapitirirana pang'ono koma osakhudzana. Maginito akayandikira, kamzere kalikonse kamasanduka maginito kwa kanthawi, nsonga imodzi kukhala N inzake S, ndiye zimakokana n'kugundana. Maginito akachoka, mphamvuyo imatha nthawi yomweyo ndipo timizereto timabwerera m'malo mwake. Funso la MSCE ili: n'chifukwa chiyani sagwiritsa ntchito chitsulo cholimba cha steel? Chifukwa steel amasunga maginito. Swichi ikanatseka kamodzi n'kukakamira mpaka kalekale. M'kagalasimo amaikamo mpweya wosachititsa dzimbiri, monga nitrogen, n'chifukwa chake swichiyi imatha kutseka ndi kutseguka maulendo mamiliyoni. Mtundu umene tikugwiritsa ntchito lero anaukonza ndi Walter Ellwood ku Bell Labs, ku America, mu 1936, ndipo poyamba unali wa makina olumikiza matelefoni. Lero mumaupeza pa alamu ya pachitseko ndi pa kachipangizo koyeza liwiro la njinga, kaja kamaginito kake amakamanga pa sipoko.

Amene kwanu kuli mita yolipiriratu, ya matokeni, imene Blantyre Water Board yakhala ikuika m'madera ambiri, dziwani kuti m'kati mwake zikuchitika zomwezi. Muli kakompyuta koyendera batire kamene kakuwerenga kuzungulira, kukuchotsa pa madzi amene munagula, ndipo akatha kamatseka valavu. Ndiye mnyamata uja asamati ndi za kunja. Zili kale pakhomo pathu, kungoti manambala a mphindi ndi mphindi sakufika kwa ife.

Apa ndiime kaye ndinene mawu olimba. Mita imene a Water Board anaika si yanu. Ili pakhomo panu koma ndi yawo, ndipo ili ndi chidindo. Kuitsegula, kudula chidindo, kuiboola kapena kuikapo maginito ndi mlandu, ndipo amene adzalipire chindapusa kapena kudulidwa madzi ndi makolo anu. Sindikufuna kumva kuti wina anati "aphunzitsi a fizikisi ndi amene anatituma." Ngakhale mita yanu itakhala ndi malo oikapo swichi kunja kwa galasi, pitani kaye ku ofesi yawo ndi munthu wamkulu mukapemphe chilolezo cholembedwa. Njira yopanda mavuto ndi kugula mita yanuyanu yachiwiri yokhala ndi waya wa pulse, n'kuitana pulamba aiike pa paipi ya m'kati mwa ploti, madzi atadutsa kale pamita ya a Water Board. Imeneyo ndi yanu, ichiteni zimene mukufuna.

Kuwerenga ma pulse

Yambani ndi kakyuleta yakale, musanawononge ndalama. Pa kakyuleta wamba zambiri, mukadina 1 + 1 kenako n'kumadina = mobwerezabwereza, nambala imakwera ndi 1 ulendo uliwonse. Pa Casio ya sayansi dinani 0 =, kenako Ans + 1, ndiye muzidina =. Tsegulani kakyuleta yoti palibe akuifuna, pezani timizere tiwiri ta pansi pa batani la =, lumikizani mawaya awiri a reed switch pamenepo. Mangani kamaginito pa sipoko ya njinga, gwirani swichi pafupi, zungulizani tayala. Muona nambala ikukwera yokha. Mwapanga chowerengera ma pulse. Ana a kalabu yathu ya sayansi atachita izi koyamba anakuwa ngati Bullets yachinya. Vuto lake n'lakuti kakyuleta imazima yokha ikakhala mphindi zingapo osadinidwa, ndipo siidziwa nthawi. Ndi yophunzirira basi.

Pantchito yeniyeni mufunika kakompyuta kakang'ono ngati Arduino, kamene kanayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, kapena ESP32 amene ali ndi WiFi yake. Akulu anu amene ali ku MUBAS amazidziwa bwino zimenezi, afunseni. Kulumikiza kwake n'kwachidule. Reed switch ili ndi mawaya awiri ndipo ilibe kuti uyu ndi + uyu ndi -. Waya mmodzi apite ku GND, winayo ku pini imodzi yowerengera. Kenako ikani resistor ya 10,000 ohms pakati pa pini yomweyo ndi 5 V, kapena 3.3 V ngati ndi ESP32.

Resistor imeneyi ambiri amaiiwala, ndiye amadabwa kachipangizo kakuwerenga madzi mpope uli wotseka. Swichi ikakhala yotseguka, pini yopanda resistor imakhala yosalumikizidwa kulikonse, ndipo waya wautali uja amasanduka eriyo, kumatola phokoso la magetsi a m'nyumba. Resistor imakokera piniyo m'mwamba kuti izikhala pa 5 V mokhazikika. Swichi ikatseka, pini imagwa pa 0 V. Lamulo la Ohm likutiuza kuti pa nthawi imeneyo mukudutsa 5 kugawa ndi 10,000, yomwe ndi 0.0005 A, theka la milliampere. N'zochepa moti swichi singapse. Arduino ilinso ndi resistor yotere m'kati mwake, mumangoidzutsa polemba INPUT_PULLUP, koma waya akakhala wautali ine ndimakonda yakunja, ndi mawaya opotana ngati a m'chingwe chakale cha netiweki. Ndipo chonde, reed switch isayandikire magetsi a ESCOM a 230 V. Madzi ndi magetsi a pakhoma sizicheza.

Pali misampha iwiri imene imagwira aliyense. Woyamba: timizere tija tikagundana sitikhazikika nthawi yomweyo. Timadumphadumpha ngati mpira woponyedwa pa simenti, kwa kanthawi kosakwana kuphethira. Inu simungaone, koma kakompyuta kamaona, ndipo lita imodzi kakhoza kuiwerenga kasanu. Mankhwala ake ndi kukauza kuti kakawerenga pulse imodzi kasamvere china chilichonse kwa 50 milliseconds. Kodi sitiphonya ma pulse enieni? Werengani. Mpope wotsegula kwambiri tiyerekeze ukutulutsa malita 15 pa mphindi. Ngati pulse imodzi ndi lita imodzi, ndiye kuti pulse ikubwera pa masekondi 4 alionse. Mpata ulipo wambiri. Wachiwiri: munthu akhoza kutseka mpope kamaginito katangoima pa swichi penipeni, ndiye swichi ikhala yotseka mpaka mawa. Mukauza kakompyuta kuti kaziwerenga nthawi zonse swichi ikakhala yotseka, mudzapeza malita mamiliyoni. Kaziwerenga kusintha kokha, pamene pini ikugwa kuchoka pa 5 kufika pa 0.

Kenako pali magetsi athu. Akazima, kakompyuta kamaiwala nambala ndi nthawi yomwe. Ikani powerbank, kawotchi ka batire ngati DS3231, ndi memori khadi yolembapo. Musamalembe nambala mu EEPROM ya Arduino pa pulse iliyonse, chifukwa malo amodzi a mmenemo anawapanga kuti alembedwe maulendo pafupifupi 100,000. Banja logwiritsa ntchito malita 500 patsiku lingawamalize m'masiku 200 okha.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, pa intaneti pali kachipangizo kotchipa, YF-S201, bwanji osangogula kameneko?" Ndikukadziwa. M'malo mwa reed switch kamagwiritsa ntchito zimene Edwin Hall anatulukira mu 1879, zoti magetsi akamadutsa m'kachitsulo kopyapyala pali maginito pafupi, amapatukira mbali imodzi n'kubweretsa voteji yaing'ono m'mbali mwake. Kamapereka ma pulse pafupifupi 450 pa lita, ndipo n'kabwino poyeza madzi osamba kapena odzaza thanki. Koma werengani pepala lake. Kanapangidwira madzi oyenda kuyambira lita 1 mpaka malita 30 pa mphindi. Chimbudzi cha ku Zingwangwa chija chinkataya theka la lita pa mphindi. Kachipangizoka kakanagona tulo wakuba akudutsa pakhomo. Ngati cholinga chanu ndi kugwira kudontha, gulani mita yeniyeni, ndipo sankhani ya pulse imodzi pa lita. Ya malita 10 ingathandizebe, kungoti kudontha ngati kuja kungabwere ngati pulse imodzi pa mphindi 20 zilizonse. Ya malita 100 isiyeni m'sitolo, ndi ya mafakitale a ku Makata.

Mukamaliza, musakhulupirire chipangizo chanu msanga. Chiyeseni. Dzazani chigubu cha malita 20 ndipo muone ngati ma pulse akwana 20. Chigubu nachonso chikhoza kunama, ena amadzaza mpaka pakamwa, ena ayi. Njira yabwino ndi sikelo, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Yezani chigubu chopanda kanthu, chiyezeninso chodzaza, chotsani.

Apa ndiye pokoma. Mukajambula ma pulse a tsiku lonse pa girafu, nthawi m'munsi, malita m'mbali, muona kuti chilichonse chili ndi mayendedwe ake. Munthu wotunga ndowa amaoneka ngati ma pulse 20 othithikana kenako zii. Chimbudzi chogejemula ndi ma pulse 6 kapena 9 ofanana ulendo uliwonse. Kudontha kuli ndi mayendedwe ake osasowa: pulse imodzi, mphindi ziwiri, pulse ina, mphindi ziwiri, osafulumira osachedwa, 2 koloko masana ngati 2 koloko usiku. Munthu sangatunge madzi motero. Ngakhale anthu atadzuka usiku kudzaza ndowa, pakati pa ndowa ndi ndowa mudzakuonabe kugunda kumeneko. Ichi ndi chimene cholembera ndi tochi sizingakupatseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma bola kudekhako achite ndi makina inu mukugona.

Palinso nkhani ya mpweya, imene anthu amaidandaula m'minibasi ndi pa wailesi: "mita ikuwerenga mpweya." Fizikisi ikuti n'zotheka. Madzi akasiya, mapaipi amadzaza mpweya. Madzi akamabwerera amaukankha mpweyawo kutsogolo, ndipo umatulukira pamene papezeka potseguka. Kagudumu ka mapiko sikadziwa kusiyanitsa. Chimene chakankha mapiko, chawerengedwa. Ndipo ife tomwe timathandizira, chifukwa timasiya mpope wotsegula dala kuti tidzamve madzi akabwera. Kupsepsa kumene mumamva kuja ndi mpweya umene wadutsa kale pamita. Koma kodi ndi malita 5 kapena 500? Wokwiya amati ndi theka la bilu, wa mu ofesi amati n'zosawerengeka, ndipo onse awiri akungolankhula. Inu muli ndi chipangizo. Werengani ma pulse kuyambira pamene mpope wayamba kupsepsa mpaka dontho loyamba, chitani zimenezi maulendo 10, lembani. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: reed switch imodzi siidziwa mbali imene kagudumu kakuzungulirira. Madzi akamabwerera m'mbuyo pamene mapaipi akuuma, manambala a pankhope akhoza kutsika pamene chipangizo chanu chikukwera. N'chifukwa chake sabata iliyonse muziyerekeza nambala yanu ndi ya pankhope ya mita.

Mwina mukuti, zonsezi chifukwa cha bilu basi? Onani kumene madzi athu amachokera. Ochepa amachokera ku damu la Mudi, ena ku Likhubula ku Mulanje, koma ambiri amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa ndi mapampu mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka. Blantyre ili pamwamba, mtsinje uli pansi. Mukukumbukira E = mgh? Kiyubiki mita imodzi ndi makilogalamu 1,000. Ndiye 1,000 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 800 ndi ma joule 8,000,000. Yuniti imodzi ya magetsi, ija timagula pafoni, ndi ma joule 3,600,000. Choncho kiyubiki mita iliyonse imadya mayuniti osachepera 2.2 kuti ingokwera phiri, tisanawerengere mphamvu yotayika m'mapampu ndi m'mapaipi. Kalabala kotha kaja kankataya makiyubiki mita 21.6 pamwezi, ndiye kuti mayuniti pafupifupi 48 a magetsi ankathera m'chimbudzi chimodzi. Malipoti akhala akusonyeza kuti pafupifupi theka la madzi amene a Water Board amapopa silibweretsa ndalama, chifukwa cha mapaipi ophulika, kuba ndi zina. Amenewo ndi otayika asanafike pamita, ndipo ndi ntchito yawo kuwasaka. Koma otayika atadutsa pamita palibe wina angawasake koma inu. Ndipo madzi akamatayikira kumunsi, mphamvu yokankhira m'paipi imachepa, amene amagona ndi ludzu ndi a kumtunda.

Ndikudziwa zimene makolo ena anganene. Banja limene likuvutika kugula ufa silingagule mita yachiwiri ndi Arduino. N'zoona, ndipo sindikunena kuti nyumba iliyonse igule. Kudontha kwambiri mungakugwire ndi kanyenyezi kaja, tochi ndi cholembera, osalipira ngakhale tambala. Chimene ndikunena n'chakuti sukulu iliyonse ya sekondale imene ili ndi kalabu ya sayansi ikhale ndi chipangizo chimodzi. Chiyambire pasukulu pomwepo, chifukwa zimbudzi za pasukulu ndi zimene zimadontha osaziona, makamaka pa holide. Kenako chizizungulira, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo, pulamba akaika n'kuchotsa. Ndipo kwa a Water Board pempho langa ndi loti atsegule njira yomveka yoti kasitomala apemphe kuika swichi pa mita imene ili ndi malo ake, kapena kuona manambala a ola ndi ola a mita yolipiriratu. Kasitomala amene akuona madzi ake akuyenda sabwera ku ofesi kudzakalipa, amabwera ndi pepala.

Chodandaula china ndimachilemekeza kwambiri, ndipo anachinena ndi mtsikana wa Fomu 3, osati ine. Anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti eni ploti azidziwa nthawi imene ndimasamba?" Eya. Girafu yomweyo imene ikugwira kudontha ikuonetsanso nthawi imene banja limadzuka, amene amapita kuchimbudzi usiku, ndi masiku amene pakhomo palibe munthu. Zimenezi zikafika pa intaneti mosasamala, mwauza akuba tsiku lobwera. Choncho pa ploti ya anthu ambiri musaike chipangizo mobisa. Onse adziwe, onse avomere, onse aone manambala. Ndipo ngati palibe chifukwa chenicheni chotumizira pa WiFi, asiyeni pa memori khadi. Chipangizo chimene chinayenera kupulumutsa mayi a matewera aja chikhoza kusanduka chida chowalondalonda, zikungotengera amene wachigwira.

Ntchito ya sabata ino ilibe waya. Lero madzulo pitani pamita ya kwanu ndi tochi, osagwira chidindo, ingopukutani galasi. Lembani manambala onse, akuda ndi ofiira, ndi nthawi yake. Onani ngati pali timivi, ndipo kalikonse kalembedwa chiyani. Tsekani mipope yonse kwa mphindi 10 muyang'ane kanyenyezi. Mawa m'mawa, wina asanatsegule mpope, lembaninso. Amene kwanu ndi mita ya matokeni, lembani madzi otsala amene ikuonetsa usiku ndi m'mawa. Amene mumatunga pa kiyosiki, werengani zigubu zimene banja lanu lagula masiku atatu. Lolemba tidzaika manambala onse pa bolodi, tidzagawe ndi maola, ndipo amene ali ndi kakyuleta yakufa kapena alamu yakale ya pachitseko abwere nayo.